Makina akalira m'munda wa mwini, chuma cha pansi chimakhala cha yani ku England?

Mu Januwale 2019, anthu asanu ndi awiri anapita kuchigwa cha Chew, m'dera la Somerset ku England, pa ulendo wa kumapeto kwa sabata wokasaka zinthu zakale ndi makina ofufuzira zitsulo pansi. Awiri mwa iwo, Adam Staples ndi Lisa Grace, anali mikhalakale pa masewerawa, ndipo ankaphunzitsa anzawo kagwiritsidwe ntchito ka makinawo. Mvula yamabingu inawapeza ali m'munda koma sanathawe, chifukwa makina anali atayamba kulira mosalekeza. Zitawerengedwa bwinobwino, ndalama zasiliva zimene anatola zinakwana 2,584. Pafupifupi theka zinali ndi nkhope ya Harold II, mfumu yomwe inaphedwa pa nkhondo ya ku Hastings mu 1066, ndipo zinazo zinali za William, yemwe anamugonjetsa. Mu Okutobala 2024, bungwe la South West Heritage Trust linagula ndalamazo pa mtengo wa £4.3 miliyoni. Theka linapita kwa mwinimunda, theka linalo asanu ndi awiri aja anagawana.

Zaka zoposa zisanu zinadutsa kuchokera tsiku la mvulalo kufika tsiku lolandira malipiro. Ambirife timaganiza kuti chotola ndi cha wotola, ndiye funso limabwera lokha: analekeranji kungogawana ndalamazo pomwepo, aliyense n'kukagulitsa zake? Yankho lake lili m'lamulo limene dziko la England linachita kulimbana nalo kwa zaka zambiri lisanakhazikike.

Ulendo wamba wa anthuwa sukhala ndi golide ayi. Nyengo yabwino ndi pamene alimi akolola tirigu n'kutembenuza nthaka, mbewu zatsopano zisanamere. Munthu amayenda pang'onopang'ono, ndodo ya makina ikupita uku ndi uku, mahedifoni ali m'makutu, fosholo ili kudzanja linalo. Kumapeto kwa ndodoyo kuli mbale yokhala ndi waya wokulungidwa mkati. Magetsi a batire akamadutsa m'wayamo amatulutsa mphamvu ya maginito yolowa m'nthaka, ndipo chitsulo chilichonse chili pansipo chimabweza mphamvu yakeyake, imene makina amaisandutsa kulira. Msomali umalira mwina, siliva amaliranso mwina. Vuto ndi lakuti kachotsegulira ka chitini cha mowa kamalira mofanana kwambiri ndi mphete yagolide, choncho wosaka amagwada m'matope kambirimbiri n'kutulutsa zinyalala: misomali, mabatani, tizidutswa ta mtovu, makatiriji a mfuti za alenje. Akadula kachigamba ka dothi, amakatembenuza, n'kulowetsa kachipangizo kakang'ono ka m'manja m'dzenjemo kuti adziwe penipeni pali chitsulocho, kenako amakwirira ndi kupondaponda kuti ng'ombe ya mwinimunda isathyokepo mwendo. Tsiku labwino ndi limene wabwerako ndi kandalama kamodzi kamkuwa ka Aroma, kobiriwira ndi dzimbiri.

Ndalama imodzi makina ambiri amaimva ikakhala pa masentimita 20 kapena 30 kuchokera pamwamba. Kuya kumeneku n'kofanana ndi kumene pulawo ya thirakitala imafika, ndipo mfundo imeneyi ndi imene osakawo amadzitetezera nayo.

Chofunika kuposa makina ndi chilolezo. Ku England kulibe malo opanda mwini. Munda, paki, gombe la nyanja, ngakhale kanjira kamene aliyense amaloledwa kudutsamo, zonse zili ndi eni ake, ndipo kutenga chinthu m'nthaka ya munthu iye osadziwa ndi kuba. Ndiye osaka amagogoda m'makomo mwa alimi, ochenjera amalemberana pepala loti chikapezeka chamtengo adzagawana motani. Pamalo amene boma linawalemba m'kaundula wa malo otetezedwa, lamulo la 1979 limaletsa kugwiritsapo ntchito makinawa popanda chilolezo chapadera, ngakhale mwinimunda atavomera.

Makinawa anachokera kunkhondo. Msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga chipangizo chofufuzira mabomba okwirira mu 1941, ndipo chinagwira ntchito pa nkhondo ya ku El Alamein chaka chotsatira. Pofika m'ma 1970, makina opepuka ndi otsika mtengo anadzadza m'masitolo, anthu zikwizikwi n'kukhamukira m'minda. Akatswiri ofukula zakale anakwiya kwambiri. Mu 1980 anayambitsa kampeni yotchedwa STOP yofuna kuti anthu aziona osakawo ngati akuba mbiri ya dziko, osakawo nawonso anapanga bungwe lawo, National Council for Metal Detecting, mu 1981. Mbali ziwirizi sizinkamwerana madzi. Munthu akatola kanthu ankaopa kukaonetsa kumyuziyamu, motero zinthu zambirimbiri zinatuluka m'nthaka popanda wozilemba paliponse. Zinafika poipa ku Wanborough m'dera la Surrey m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu okumba usiku anasakaza malo a kachisi wakale wa Aroma n'kutenga ndalama zikwi zambiri, lamulo n'kulephera kuwagwira mokwanira.

Lamulo la nthawi imeneyo linali lakalekale, lochokera m'nthawi za mafumu a zaka mazana ambiri zapitazo. Linkati golide kapena siliva wopezeka pansi ndi wa mfumu pokhapokha ngati amene anamukwirira anali ndi cholinga chodzamutenganso. Tangoganizani bwalo la milandu likuyesa kudziwa zimene zinali mumtima mwa munthu amene anamwalira zaka 1,500 zapitazo. Chinthu chongotayika, kapena choikidwa m'manda, sichinkawerengedwa. Ndi chifukwa chake chuma chotchuka cha m'manda a ku Sutton Hoo, chofukulidwa mu 1939, chinagamulidwa kuti ndi cha mwini malo, Edith Pretty. Dziko linachita mwayi kuti mayiyu anachipereka chaulere ku British Museum.

Chimene chinafewetsa mitima ndi hamala yotayika. Pa 16 Novembala 1992, mlimi wina wa ku Hoxne m'dera la Suffolk, Peter Whatling, anapempha mnzake Eric Lawes kuti amufufuzire hamala yake m'munda. Makina analira, koma zimene zinatuluka ndi masipuni asiliva, zokongoletsera zagolide ndi ndalama za Aroma. Lawes atatolako zina anasiya kukumba n'kudziwitsa apolisi ndi khonsolo, yomwe inali mwini malowo. M'mawa mwake akatswiri anabwera n'kunyamula zotsalazo ndi dothi lake lomwe. Chifukwa cha kusiya kwakeko, anatha kuona kuti chumacho chinalongedzedwa mosamala m'bokosi lamatabwa, zina zitakulungidwa m'nsalu ndi udzu, zina zili m'timabokosi ting'onoting'ono. Munali ndalama 14,865 ndi zinthu zina pafupifupi 200, ndipo ndalama zatsopano kwambiri zinali za m'ma 407 kapena 408, ulamuliro wa Aroma ukutha ku Britain. Lawes analandira £1.75 miliyoni n'kugawana ndi mlimi uja, ngakhale lamulo silinkamukakamiza. Hamalayo inapezekanso, ndipo ili ku British Museum.

Lamulo latsopano, Treasure Act ya 1996, linayamba kugwira ntchito pa 24 Sepitembala 1997 ku England, Wales ndi Northern Ireland. Linasiya zofufuza mtima wa wakufa n'kuika miyeso yooneka ndi maso. Chinthu chimene si ndalama chimakhala chuma cha boma ngati chatha zaka 300 ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake ndi golide kapena siliva. Ndalama zagolide kapena zasiliva za zaka zomwezo ziyenera kupezeka ziwiri kapena kuposerapo pamalo amodzi. Zamkuwa ziyenera kukwana khumi. Ndalama imodzi yokha, ngakhale yagolide, kawirikawiri siilowa m'gululi. Ndi mmene ndalama yagolide ya Mfumu Henry III, yotoledwa ku Devon mu 2021, inagulitsidwira pa okushoni pa £648,000 popanda kudutsa m'manja mwa boma.

Wotola ali ndi masiku 14, kuyambira pamene wazindikira kuti chinthucho chikhoza kukhala chuma chotere, oti adziwitse coroner wa m'deralo. Ameneyu ndi mkulu yemweyo amene amafufuza za imfa zosadziwika bwino. Udindo woweruza za chuma chokwiriridwa anaulandira kalekale ndipo sunamuchokebe. Kubisa ndi mlandu umene chilango chake chingafike miyezi itatu kundende, kapena chindapusa. Akatswiri amalemba lipoti, coroner amagamula, ndipo myuziyamu ikafuna chinthucho, komiti yapadera yoona za mitengo imanena mtengo umene chikanagulidwa nawo pamsika. Myuziyamuyo imayenera kupeza yokha ndalamazo, zomwe kawirikawiri zimagawidwa pakati, wotola ndi mwini malo. Ngati palibe myuziyamu yochifuna, chimabwezedwa. Amene anakumba popanda chilolezo kapena kubisako zina akhoza kudulidwa malipiro kapena kumanidwiratu, ndipo katswiri wofukula zakale akapeza chuma ali pa ntchito salandira kalikonse.

Mwachidule, boma linasankha kugula kukhulupirika. Ena zimawanyansa, koma ine ndikuona kuti nzeru yake ndi yomveka: munthu amene akudziwa kuti adzalandira mtengo wonse wa pamsika alibe chifukwa chokagulitsira mumdima pa mtengo wozizira. Terry Herbert atapeza golide wolemera makilogalamu angapo m'munda wa Fred Johnson pafupi ndi Lichfield mu Julayi 2009, zambiri zili zokongoletsera zigwiriro za malupanga a m'zaka za m'ma 600, ananena. Mamyuziyamu a ku Birmingham ndi Stoke-on-Trent, mothandizidwa ndi zopereka za anthu wamba, anasonkhanitsa £3.285 miliyoni, ndipo lero aliyense akhoza kukachiona chumacho.

Koma zinthu zambiri zotoledwa si golide kapena siliva, ndipo lamuloli silizikhudza. Pofuna kuti zimenezi zisasowe, mu 1997 momwemo munayamba ndondomeko ya Portable Antiquities Scheme, yomwe inafalikira ku England ndi Wales konse mu 2003 ndipo imayendetsedwa ndi British Museum pamodzi ndi myuziyamu yaikulu ya ku Wales. M'madera muli maofesala amene amapita kumisonkhano ya makalabu a osaka, kumene munthu amakhuthula zotola zake patebulo. Ofesala amaziyeza, kuzijambula, kulemba malo enieni pamene zinapezeka, kenako n'kuzibweza kwa mwini wake. Kaundula wake ali pa intaneti ndipo muli zinthu zoposa 1.5 miliyoni. Kabatani kamodzi sikanena kanthu, koma zinthu zikwizikwi zikaikidwa pa mapu zimaonetsa pamene panali midzi, misika ndi misewu imene palibe buku linailemba.

Mtengo weniweni wa chinthu chakale, kwa ine, uli pa malo amene chinagona ndi zimene chinagona nazo. Ndalama yozulidwa popanda kulemba pamene inali ili ngati mboni imene yafika pabwalo la amfumu koma siikukumbukira kumene inali tsiku la mlandu.

Nkhani ya ku Frome, ku Somerset komweko, imaonetsa bwino zimenezi. Mu Epulo 2010, Dave Crisp anamva kulira kwachilendo, anakumba pang'ono n'kuona kukamwa kwa mtsuko wodzadza ndalama. Munthu wina aliyense akanapisa dzanja. Iye anakwirira dzenjelo n'kukaitana akatswiri. Iwo anachotsa ndalamazo muyalo ndi muyalo, uliwonse m'thumba lakelake. Zinakwana 52,503, zolemera pafupifupi makilogalamu 160, zambiri za m'zaka za m'ma 200. Zoposa 700 zinali za Carausius, mkulu wa asilikali apamadzi amene anadzilonga ufumu ku Britain kuyambira 286 mpaka 293. Chodabwitsa n'chakuti ndalama zakezo, zomwe zinali m'gulu la zatsopano kwambiri mumtsukomo, zinaunjikana chapakati, osati pamwamba. Munthu akamasunga pang'onopang'ono, zatsopano zimakhala pamwamba. Apa zikuoneka kuti anthu anakhuthuliramo ndalama zochokera m'zotengera zosiyanasiyana nthawi imodzi. Mtsukowonso unali wopyapyala moti sukananyamulika uli wodzadza. Anayamba auika m'dzenje, kenako n'kuthiramo. Amene akubisa chuma kuti adzachitenge sachita choncho. Akatswiri a ku British Museum anaganiza kuti mwina inali nsembe ya mudzi wonse kwa milungu yawo. Crisp akanangokhuthulira zonse m'ndowa, chiwerengero chikanakhala chomwecho, malipiro a £320,250 mwina akanakhala omwewo, koma nkhani yonseyi ikanafera m'dzenje momwemo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Chalgrove m'dera la Oxfordshire, mu 2003, Brian Malin anapeza mtsuko wa ndalama pafupifupi 5,000 zitamatirirana ndi dzimbiri, ndipo anaupereka osauphwanya. Poziyeretsa, akatswiri anapezamo imodzi ya mfumu yotchedwa Domitianus, yomwe inalamulira kanthawi kochepa cha m'ma 271. Ndalama ina yotere inapezekapo ku France mu 1900 koma ambiri ankaikayikira kuti ndi yopeka. Iyi panalibe woikayikira, poti inatuluka mkati mwa mulu umene palibe dzanja linaukhudza kwa zaka zoposa 1,700.

Tsono taonani mbali inayo. Mu Juni 2015, George Powell ndi Layton Davies anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking, ankhondo ochokera kumpoto kwa Ulaya, pafupi ndi Leominster m'dera la Herefordshire, pamalo amene mwini wake sanawapatse chilolezo. Anapereka zokongoletsera zagolide zochepa, koma ndalama anazilowetsa kwa ogulitsa mwakabisira. Apolisi anabwezeretsa zithunzi zofufutidwa m'foni, zoonetsa chumacho chikadali m'dzenje, ndipo akatswiri anayerekeza kuti munali ndalama pafupifupi 300. Pa nthawi ya mlandu zinali zitapezeka pafupifupi 30 zokha. Mu Novembala 2019 khoti la ku Worcester linawapeza olakwa. Powell anagamulidwa zaka 10, Davies zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, ngakhale zilangozo zinachepetsedwa atachita apilo. Mu 2023 anthu ena awiri anagamulidwa kukhala kundende atapezeka ndi ndalama 44 zimene akukhulupirira kuti zinachokera pa mulu womwewo. Zambiri sizikudziwika kumene zili.

Chimandiwawa pa nkhaniyi si mapaundi otayikawo. Mwa ndalamazo munali za mtundu wosowa kwambiri, zoonetsa mafumu awiri atakhala pamodzi, zina zosulidwa m'dzina la Alfred wa ku Wessex, zina m'dzina la Ceolwulf II wa ku Mercia. Mbiri yolembedwa ndi anthu a Alfred inamunyoza Ceolwulf kuti anali chitsiru chongoikidwa pampando ndi ma Viking. Ndalamazi zikuonetsa kuti m'zaka za m'ma 870 awiriwa ankasula ndalama zofanana ngati ogwirizana. Umboni wokonza mbiri ya munthu amene ananamiziridwa kwa zaka zoposa 1,000 unamwazikira m'matumba a ogula osadziwika. Ndipo akanapempha chilolezo n'kunena zoona, anthu awiri aja akanalemera mwalamulo.

Sindikunena kuti dongosolo la ku England ndi langwiro. Mu Meyi 2010, ku Crosby Garrett m'dera la Cumbria, kunapezeka chisoti cha msilikali wa pakavalo wa Aroma, chokhala ndi nkhope yonse ya munthu. Poti chinali chamkuwa ndipo chinali chokha, lamulo silinachiwerenge. Myuziyamu ya Tullie House ya ku Carlisle inasonkhetsa ndalama koma inagonja pa okushoni ya Christie's, pamene munthu wina anachigula pafupifupi £2.3 miliyoni. Panatenga zaka 13 kuti mpatawu utsekedwe: kuyambira pa 30 Julayi 2023, chinthu chachitsulo chilichonse choposa zaka 200 chikhoza kugamulidwa kukhala chuma cha boma ngati chili chofunika mwapadera pa mbiri ya dziko kapena ya dera. Palinso dandaulo lakuti mamyuziyamu ang'onoang'ono, amene akuvutika kale kulipira antchito, ndi amene amayenda ndi mbale yopemphera kuti alipire wotola.

Osakawo ali ndi yankho lamphamvu. Amati zimene amatola zinachotsedwa kale pamalo pake ndi pulawo, ndipo chaka chilichonse feteleza ndi makasu a thirakitala zikuzidya. Chikho chagolide cha ku Ringlemere m'dera la Kent, chopangidwa zaka zoposa 3,500 zapitazo, chinapezeka mu 2001 chitaphwanyidwa kale mbali imodzi ndi pulawo. Chikanakhala m'mundamo zaka zina zingapo, bwenzi chitatha. Pamenepa ndimagwirizana nawo, bola asapitirire dothi lolimidwa n'kuyamba kukumba m'munsi mosakhudzidwa.

Mayiko ena anasankha njira zina. Ku Scotland chilichonse chakale chopanda mwini ndi cha mfumu, kaya ndi golide kaya ndi mwala wosema, ndipo chiyenera kunenedwa. Ku Ireland kusaka zinthu zakale ndi makinawa popanda laisensi ndi mlandu. Ku South Africa lamulo la 1999 limaletsa kubweretsa makinawa pamalo a zakale popanda chilolezo, ndipo kwathu ku Malawi lamulo la Monuments and Relics Act limafunanso chilolezo cha boma munthu asanafukule zinthu zakale. Abale athu okhala ku England adziwenso kuti masiku 14 aja sakhudza a makina okha. Amakhudza aliyense, ngakhale amene watola polima kadimba kuseri kwa nyumba.

Pamene pakundidetsa nkhawa kwambiri lero ndi pa misonkhano ikuluikulu yolipiritsa. Wokonza amachita lendi munda, amagulitsa matikiti, ndipo anthu mazanamazana, ena ochokera kunja kwa dziko, amausesa m'masiku awiri. Chikapezeka chachikulu pamaso pa khamu lotere, sichingasiyidwe m'nthaka usiku. Ku Lenborough m'dera la Buckinghamshire, mu Disembala 2014, ndalama zasiliva zoposa 5,000 za mafumu Æthelred II ndi Cnut, zokulungidwa m'chipepala cha mtovu, zinachotsedwa tsiku lomwelo, ngakhale panali ofesala wodziwa ntchito yake. Zing'onozing'ono zosalowa m'lamulo zimakwera galimoto Lamlungu madzulo n'kubalalikira m'mizinda yosiyanasiyana, ndipo kuzilembetsa ndi kufuna kwa mwini. Maofesala olemba ndi ochepa, sangafike paliponse. Ndikuona kuti amene akupanga phindu pa matikiti ayenera kukakamizidwa ndi lamulo kulipira anthu olemba zotoledwa pamalo pomwepo, ndiponso kukhala ndi alonda ndi akatswiri oti aitanidwe chikapezeka chosayenera kuzulidwa mothamanga. Pakadali pano ku England palibe laisensi imene wokonza msonkhano wotere amafunika kutenga kuti anthu asake m'munda wamba.